Mutu wa Msilikali wa pa Hatchi Yoyera

Mvula itayamba, Solène anali pamalo odikirira basi pafupi ndi mtsinje wa Seine. Pambali pake panaima mnyamata atakumbatira chithunzi chachikulu chokutidwa ndi bulangete, iye mwini atanyowa ngati nkhuku.

"Bambo, penti yakale sigwirizana ndi madzi," anatero Solène akumufunditsa ambulera. Ntchito yake inali yotsuka ndi kukonza zithunzi zamakedzana.

"Ndine Gaspard. Mwapulumutsa agogo anga."

Anavundukula bulangete lija. Utsi, mizinga, Afalansa ndi Arasha akubayana m'matope. Pakatikati panali msilikali pa hatchi yoyera, lupanga lili m'mwamba.

"Agogo awo a agogo anga awa. Taonani mphunoyi."

Mphuno inalidi yomweyo. Solène anaseka mpaka basi inawasiya.

Kuyambira tsikulo foni ya Solène sinapumenso ndi mauthenga a Gaspard.

"Duwa langa, kwathu sitibwerera m'mbuyo. Agogo anakafika ku Moscow pa hatchi, ine ndidzafika nawe ku ukwati."

"Paja anabwerako wapansi, hatchiyo atadya," anayankha Solène, koma uthengawo anauwerenga kasanu.

Kunyumba kwake Gaspard sanamutengereko, ati mayi ake sakonda alendo. Ankakumana m'kasitolo kake ka mabuku, momwe chithunzi chija chinapachikidwa. Solène akanadandauliranji, poti mphete anali atalonjezedwa Loweruka?

Lachinayi Gaspard atapita kukagula mabuku ku Lyon, Solène anatenga chithunzicho kupita nacho kuntchito. Ankafuna kuti agogo adzaonerere chinkhoswe ali oyera.

Anatseka makatani nayatsa nyale yapadera imene okonza zithunzi amayambira. Pa nyale imeneyi penti yakale imawala mobiriwira, yatsopano imada bii.

Nkhondo yonse inawala. Mutu wa agogo wokha ndiwo unada.

Anatenga galasi lokulitsira zinthu. M'kolala ya msilikaliyo munali timalemba tating'ono ngati nyerere: "Kwa Gaspard mwamuna wanga, zaka zisanu tili m'banja. Maëlle."

Analira, inde. Kodi munthu angapikisane bwanji ndi mkazi wodziwa mphuno ya mwamuna wake chomwechi? Misozi itauma, ananyika thonje m'mankhwala nayamba ntchito, mosamala monga anaphunzitsidwira. Mphuno inachoka, maso anachoka. Pansi pake panatuluka nkhalamba yamasaya ofufuma, yadazi, yooneka ngati ikufuna kutsika pa hatchi n'kubwerera kwawo.

Loweruka Gaspard anafika kuntchito kwa Solène atavala jekete yatsopano.

"Mtima wanga, khoma langa lili mbee. Agogo wawabisa kuti?"

Solène anatembenuza chithunzicho. Gaspard anayang'ana nkhalambayo, nkhalambayo inamuyang'ananso.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Mwini hatchi."

"Solène, ndimvere kaye. Ine ndi Maëlle zinthu sizikuyenda..."

"Dzanja lake likuyenda bwino. Makutu okha ndiwo anakuchepetserako, chikondi chimenecho."

Gaspard anakhala pampando, thukuta lili kamukamu. "Mawa akubwera kusitolo ndi makolo ake. Akufuna awaonetse mphatso yake. Chonde, wokondedwa, bwezeretsa mutu wanga."

"Ine ntchito yanga ndi yochotsa zonama, bambo. Zojambula n'za akazi anu."

"Nanga mutuwo uli kuti?"

Solène analoza bini ndi chibwano. "Uli pa thonje umo. Mukatenga, mutseke chitseko potuluka."