Amene Ankayankha Dzina la Ovidio

Anayamba kuona ndi Nohemí, mkazi wa Ovidio Cárcamo, kuti pakhomo pawo pakumacha ponyowa. Mvula inali itadula, mumsewu muli fumbi lokhalokha, koma pasimenti ya pakhomopo, pamene munthu angaime akafuna kugogoda, pankakhala chinyezi chachikulu ngati mbale, chonunkha matope a mumtsinje wa Magdalena. Ankakolopa, dzuwa n'kuumitsa, m'mawa mwake n'kupezanso zomwezo.

"Ndi galu ameneyo," anatero Ovidio akupemerera khofi wake.

"Galu wake uti wokodza matope? Inunso nthawi zina mumayankhula ngati mwalawa kale."

Ovidio anali msodzi, chimunthu cha mapewa aakulu koma chofewa mtima mopusa. Kwathu ku Puerto Amparo kuno, msodzi aliyense wakale anakokapo munthu mu ukonde. Mtsinje umatibweretsera akufa ochokera kumtunda, ena opanda nkhope, ena opanda zala, ndipo timawalowetsa m'zibowo za khoma la kumanda popanda dzina. Pakapita nthawi wina amasankhapo mmodzi, n'kumamuikira maluwa ndi kapu ya madzi, kumupempherera, iyenso n'kumamupempha mwayi. Amamupatsanso dzina. Ena amangopeka, ena amamubwereka dzina la banja lokha. Koma lonse lathunthu, ayi, palibe amapereka.

Ovidio anapereka lonse. Mnyamata amene anamuvuula chaka china anamumvetsa chisoni kwambiri, poti iye ndi Nohemí analibe mwana, ndiye anatenga utoto wobiriwira n'kulemba pachitseko cha manda aja kuti Ovidio Cárcamo Tafur. Amene anamugwirira makwerero anali Don Eliécer, woyang'anira manda, mkulu wosekaseka wa mano agolide. Ndi yemweyo amene anamuuza kuti, "Ansembe amafuna kuona chitupa cha wosankha, compadre mnzanga, kuti manda asalandidwe. Ndisiyireni, madzulo mudzachitenga." Ovidio anachisiya, madzulo n'kukachitengadi, nkhani n'kuiwalika.

Zinayamba kuululika injini ya bwato lake itafa. Anavala malaya a kutchalitchi n'kupita kusitolo ya pamsika imene imagulitsa zinthu zolipira pang'onopang'ono. Mtsikana wa pakauntala analemba nambala ya chitupa chake pakompyuta, nkhope yake n'kusintha.

"Don Ovidio, pepani. Dzina lanu lili m'gulu la anthu othawa ngongole. Palibe sitolo kapena banki m'dziko muno ingakukongozeni ngakhale singano."

"Ine? Ngongole yanji, mwana iwe?"

"Njinga yamoto ku Barrancabermeja. Mafoni. Firiji ku Medellín."

"Ku Medellín ndinapitako liti? Firiji yake ndiikamo chiyani, makutu angawa?"

Mtsikanayo sanaseke. Ovidio anatuluka thukuta lili kamukamu, manyazi atamugwira ngati wabadi, munthu woti sanadyepo ndi kandalama komwe ka mwini.

Anayenda, bambo uja. Kupolisi anamulembera kalata yoti wina akugwiritsa ntchito dzina lake. Kalatayo anaitumiza kumasitolo onse aja, ndipo yankho linali limodzi: dikirani, tikufufuza. Pamsika ndiye nkhani inali itamera kale miyendo. Amayi ogulitsa nsomba ankanong'onezana kuti wakufa uja watopa kugona m'khoma, akuyenda m'mizinda atavala dzina la eni. Wina anati anaona njinga yamoto ikudutsa kumanda usiku popanda nyale. Doña Belarmina, wokazinga zitumbuwa za chimanga zotchedwa maarepa pakona, anamuuza maso ndi maso, "Dzina munam'patsa nokha, Ovidio. Mumafuna azingoliyang'ana?"

Unali mwezi wa Novembala, mwezi wa mizimu. Usiku wina kunatentha moti khoma linkachita kupuma moto, achule akulira kudoko, fani ikuzungulira mwaulesi, khwe, khwe, khwe. Ovidio ali m'maso anamva njinga yamoto ikubwera chapatali. Isanafike injini inazima, n'kutsala phokoso la matayala okha akupondaponda timiyala, pang'onopang'ono, mpaka pakhomo. Kenako zii. Ngakhale achule anakhala ngati amvetsera.

"Musatsegule," ananong'ona Nohemí, zikhadabo zake zitalowa m'mkono mwa mwamuna wake.

Sanafunikire kutsegula. Chitseko chinathyoka ndi chidendene chimodzi, n'kulowa amuna awiri ovala zisoti zakuda, wamtali ndi wamfupi. Sanali mizimu ayi. Anali anyamata a katapila, aja amayenda ndi njinga yamoto kutolera tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense kuno amadziwa zimene amachita ndi munthu wosowa.

"Ovidio Cárcamo ndiwe?"

"Ndine, koma abale anga, sindinakongole kwa munthu. Ndili ndi kalata ya kupolisi, onani..."

Wamtali anamumenya ndi kumbuyo kwa mfuti pakamwa, magazi n'kuwazikira pakhoma. Nohemí atakuwa, wamfupi anamukankhira patebulo, mbale zonse phwaa pansi.

"Kalata ukadyetse mbuzi, mdala. Ife nkhope sitiidziwa. Bwana anakongoza Ovidio Cárcamo kutauni, ife watipatsa dzina ndi khomo. Dzina ndi ili, khomo ndi ili."

Anamugwira dzanja lamanja, dzanja loponyera ukonde, n'kuliika pamphuthu, wamfupi n'kumenyetsa chitseko chothyoka chija ndi mphamvu zake zonse. Zala ziwiri zinalira ngati nkhuni zouma. Ovidio anagwada n'kusanza.

"Mwezi uno usanathe tione ndalama," anatero wamtali akupukuta mfuti pamalaya a Ovidio. "Apo ayi tikakuponya komwe umatola anzako kuja, ndipo iwe sakuvuula munthu."

Atapita, Nohemí anakwawa kuti akatseke pakhomo. Dzanja lake linagwira pasimenti ndipo panali ponyowa kale, madzi ake ozizira ngati a pansi pa mtsinje. Analira mayi uja, mantha ndi ukali zitasakanikirana.

"Mawa usiku mukafufute dzina lija kumanda. Mwandimva? Mukalifufute, lisatsale ndi chilembo chimodzi chomwe."

M'mwezi wa mizimu, pakati pa usiku, mkulu wa belu amapita kumanda kukatulutsa akufa, n'kuyenda nawo m'misewu akupempha mapemphero, kenako n'kuwabwezera. Belu likamveka mazenera amatsekedwa. Palibe amasuzumira, ndipo ukapezeka panja sutembenuka ngakhale umve chiyani kumbuyo kwako. Ovidio anadikira belu lija litalowera kudoko, n'kutuluka ndi chitini cha laimu m'dzanja lamanzere, lamanja atalimanga pachifuwa.

Kunali mdima wa ndiweyani. Atangodutsa pakona ya Doña Belarmina anamva kanthu kumbuyo kwake, timiyala tikuphwanyika pang'onopang'ono, tswa, tswa. Akaima, nako kankaima. Koma sanatembenuke. Anangoti Tikuoneni Maria chamumtima mpaka pageti ya kumanda, imene anaipeza yotsegula.

M'kati, pafupi ndi khoma la osankhidwa, kandulo imodzi inkayaka pansi. Ovidio anabisala kuseri kwa manda a mwala. Ndiye mawu anatuluka mumdimamo, otsika, aubwenzi.

"Ovidio!"

Pakamwa pake panatseguka pokha kuti ayankhe. Asanatulutse mawu, wina anayankha.

"Ndili pano, malume."

Ovidio anatseka pakamwa. Anasuzumira. Pansi penipeni pa dzina lake lobiriwira panali njinga yamoto yatsopano, ndipo pamwamba pake panakhala mnyamata wonenepa bwino, wamoyo ngati inu ndi ine, akusewera ndi foni. Anali Duván, mwana wa mlongo wake wa Don Eliécer, amene anthu ankati ali pantchito kutauni. Don Eliécer anatulukira m'kuwala kwa kandulo, mano agolide akung'anima.

"Wazolowera kuyankha, eti? Basi uliiwale dzina limenelo, lapsa. Ndakupezera lina, la mphunzitsi amene wasankha wakufa mwezi wathawu. Loyera mbee, silinakongolepo."

"Nanga msodzi uja?"

"Amuthyola zala dzulo. Akamumaliza, ngongole ifera naye limodzi. Ndipo manda ake analemba kale yekha, suwaona?"

Anaseka onse awiri.

Ndikukuuzani, munthu wofatsa akapsa mtima ndi woopsa. Ovidio sanadziwe kuti wadzuka liti. Chitini cha laimu chinakafikira Duván pamphumi, laimu n'kumulowa m'maso, mnyamatayo n'kugwa ndi njinga yomwe akukuwa ngati nkhumba. Ovidio anamukhalira pachifuwa n'kumamusinja ndi dzanja limodzi lomwelo, chibakera pamphuno, china pakamwa, akulira, "Dzina langa! Dzina langa, galu iwe!" Don Eliécer anatola chikwanje chodulira udzu n'kumutema nacho paphewa. Ovidio anagubuduka, magazi otentha akutsikira kumsana. Mkuluyo anakwezanso chikwanje.

Pomwepo nyale ya njinga ina inayaka pageti, kuwala kwake n'kuwamenya onse atatu. Zimene zinkamutsatira Ovidio mumsewu muja zinali zisoti zakuda zija. Ankaganiza kuti akupita kukafukula ndalama zobisa, ndiye ankakankha njinga yawo mwakachetechete kumbuyo kwake, ndipo anamva zonse.

"Ponya pansi icho, agogo," anatero wamtali. Chikwanje chinagwa. Anayenda mosafulumira, mfuti ikuloza uyu, kenako uyu. "Ine ndatopa. Ndifunsa kamodzi. Ovidio Cárcamo ndani pano?"

Duván, maso ali psuu ndi laimu, analoza mwachisawawa. "Ndi uyo! Ndi msodziyo!"

Mfuti inakhudza pamphumi pa Ovidio, yozizira. Pamwamba pake, pakhoma, dzina lake linkaoneka bwinobwino m'kuwala kwa nyale, dzina limene mayi ake anamupatsa, limene analiyendera kupolisi ndi m'maofesi monse kuti liyere.

"Si ine," anatero. "Ovidio Cárcamo si ine. Mupiseni m'thumba ameneyo."

Wamfupi anapisa n'kutulutsa chitupa. Anachiyang'ana pakandulo. Dzina linali la Ovidio, nambala ya Ovidio, koma nkhope inali ya Duván. Anachibwezera m'thumba momwemo n'kusisita pamwamba pake ngati akutsanzika mwana wa sukulu.

Don Eliécer anayesa kuchonderera. Anamumenya ndi chisoti pakamwa mpaka mano agolide aja anagwera m'fumbi. Duván anamumanga manja ndi lamba wake yemwe, n'kumukweza pakati pawo, njinga n'kulowera kumtsinje. Ovidio ali chigonere anamva belu lija likubwerera chapatali, ngwee, ngwee, ndipo pakati pa kulira kwa belu kunamveka mfuti, kamodzi.

Don Eliécer sanaonekenso m'tauni muno. Ovidio anauza adokotala kuti wagwera pa chitsulo cha bwato, ndipo kupolisi sanapiteko. Ankaopa, komanso chinamudya mumtima n'chakuti mwana wa munthu anafa iye ataloza thumba. Patapita masiku, asodzi a kumunsi anavuula mtembo nsomba zitaudya kale nkhope. M'thumba munali chitupa. Aboma analemba zimene anawerenga, ndipo mtembowo unalowetsedwa m'chibowo choyandikana ndi cha wosankhidwa uja, pachitseko n'kulembapo dzina la pachitupa lija ndi utoto wakuda. Zimenezi Ovidio sanazimve, poti anali chigonere ndi bala lake.

Bala litapola anavalanso malaya a kutchalitchi n'kubwerera kusitolo kuja, makalata ake onse ali m'manja. Mtsikana uja analemba nambala, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Ngongole zonse zatsekedwa, Don Ovidio. Palibe akukufunani."

"Mulungu ndi wabwino! Ndiye injini ija..."

"Azitseka chifukwa apa palembedwa kuti munamwalira." Anabweza mpando wake m'mbuyo pang'ono, osamuyang'ana kumaso. "Sindingagulitse injini kwa munthu wakufa. Pitani kuboma mukawatsimikizire kuti muli moyo."

Anapitadi. Anamuuza kuti abweretse chitupa. Atachitulutsa anati chimenecho n'cha malemu, adikire, akufufuza. Pobwerera anadzera kumanda, n'kuima pakhoma paja mpaka dzuwa kupendeka, akuwerenga dzina lake kawiri, lobiriwira ndi lakuda. Laimu analibe, ndipo mphamvu yofufutira inali itamuthera.

M'mawa mwake Nohemí anatsegula chitseko chatsopano, chokolopera chili m'manja, n'kuima. Ponyowa panali pawiri, moyandikana. Sanakolope. Anangotseka n'kukhala pampando tsiku lonse.

Usiku umenewo kunalibe njinga yamoto, kunalibe belu, mwezi wa mizimu unali utatha. Fani yokha ndi imene inkalira. Nohemí anadzidzimuka kutulo, fungo la matope lili thoo m'chipinda monse, n'kupapasa mumdima kufuna mwamuna wake.

"Ovidio?" ananong'ona.

Ovidio anali pomwepo pambali pake, ali m'maso. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Koma panja, kuseri kwa chitseko, mawu awiri anayankha pamodzi, motsitsa, mwaulemu.

"Ndili pano."