Lottie ndi Njinga ya Manambala

Lottie ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Amakhala kwathu kuno ku Green Bay, ku America. Lottie ali ndi njinga. Akufuna chinthu chimodzi chokha. Akufuna wosewera mpira akwere njinga yake.

Kwathu timachita chonchi. Nyengo yotentha ikafika, timu yathu ya Packers, ya mpira wa ku America, imayamba kukonzekera. Osewera amavalira ku bwalo lalikulu. Amakakonzekerera ku bwalo laling'ono, kutsidya kwa msewu. Ana amabwera ndi njinga zawo. Amandanda pa geti. Wosewera akatuluka, amasankha njinga imodzi. Iye amapalasa. Mwini njinga amamunyamulira chisoti chosewerera mpira, n'kumathamanga pambali.

Lottie wakhala akubwera tsiku lililonse. Lolemba sanamusankhe. Lachiwiri sanamusankhe. Lachitatu sanamuyang'ane n'komwe. Lero ndi tsiku lomaliza.

Njinga ya Lottie ndi yakale. Ndi yolemera. Ndi chitsulo chokhachokha. Poyamba inali ya Agogo Norb. Kenako inali ya bambo ake. Pa fulemu pali manambala olembedwa ndi penti yachikasu. Ena ndi okhota. Ena penti yake inachucha.

Gus ndi mchimwene wake wa Lottie. Iye ali ndi njinga yatsopano. Ndi yopepuka. Ndi yonyezimira. Yasankhidwa kale katatu.

"Yakoyo si njinga ayi," anatero Gus akudya buledi. "Ndi ngolo!"

"Ngolo ndiwe," anayankha Lottie.

Koma mumtima munamupweteka. Anatuluka panja. Anayang'ana manambala aja. Anatenga mpango wake wobiriwira wa nthawi yozizira. Anakulunga fulemu yonse. Manambala anabisika.

Agogo Norb anatuluka ndi kapu ya khofi.

"Kodi njinga yagwidwa chimfine?" anafunsa.

"Ayi, agogo. Manambalawa ndi amene akuthamangitsa osewera."

Agogo anamwa khofi pang'ono.

"Ine ndinaima pa geti lija zaka zinayi," anatero. "Ndi njinga yomweyi. Palibe anandisankha."

"Inenso palibe," anatero bambo ali pa zenera.

"Mwaonatu!" anafuula Gus. "Ngolo!"

Lottie anatembenuka. Anakwera njinga. Anapalasa. Agogo ndi bambo anakadikira ku bwalo laling'ono.

Pa geti panali ana ambiri. Panali njinga zofiira. Panali njinga zoyera. Panali njinga zokhala ndi mbendera. Chitseko cha bwalo lalikulu chinatseguka. Osewera anayamba kutuluka.

"Yanga! Yanga! Kwerani yanga!" ana anafuula.

"Yanga!" anafuulanso Lottie.

Woyamba anasankha yofiira. Wachiwiri anasankha yoyera. Wachitatu anasankha ya Gus. Gus anatulutsira Lottie lilime, n'kuthamanga ndi chisoti.

Osewera anatuluka. Njinga zinapita. Osewera anatuluka. Njinga zinapita. Kenako chitseko chinakhala zii.

Lottie anagwira mahandulo. Maso ake anadzaza misozi.

Chitseko chinatsegukanso. Munatuluka chimunthu chachikulu. Mapewa ake anadzaza khomo lonse. Sanayang'ane njinga iliyonse. Anangoyamba kuyenda wapansi, chisoti chili m'manja.

Lottie anapukuta misozi. Anakankha njinga. Anamutsatira.

"Achimwene! Bwanji mukuyenda wapansi?"

Chimunthucho chinaima. Chinamwetulira mwamanyazi.

"Ine ndine Lucius," chinatero. "Ndine watsopano. Tsiku loyamba ndinakwera kanjinga kokongola. Gudumu linapindika. Mwini wake analira kwambiri. Kuyambira pamenepo ndimayenda wapansi."

"Iyi sipindika," anatero Lottie.

"Mlongo wanga, wandiona bwinobwino koma?"

"Ndakuonani. Iyi inagundapo mpanda. Mpandawo ndi umene unagwa."

Lucius anaseka. Anagogoda chishalo. Anagogoda gudumu. Anapatsa Lottie chisoti. Chinali cholemera ngati dzungu.

Lucius anakhala pa chishalo pang'onopang'ono. Njinga inati kwee! Lucius anatsinzina. Lottie anatsinzina. Anatsegula maso. Gudumu silinapindike.

"Yalimba!" anafuula Lucius.

Anapalasa kamodzi. Anapalasa kawiri. Kenako, kha! Njinga inaima. Mpango uja unali utakodwa mu tcheni.

Lucius anatsika. Anakoka mpango. Anaumasula wonse. Manambala anaonekera. Lottie anayang'ana pansi.

"Manambalawa ndi a chiyani?" anafunsa Lucius.

"Ndi zaka za timu," anatero Lottie motsitsa mawu. "Kodi simukuzidziwa?"

"Ndabwera mwezi watha. Ndiuze. Ndipalasa pang'onopang'ono."

Lucius anapalasa. Lottie anathamanga pambali. Analoza nambala yoyamba.

"1919. Analemba ndi agogo. Chimenechi ndi chaka chimene timu inayamba. Kampani yoika nyama m'zitini inagula majezi. Kunalibe mipando. Anthu ankaonera mpira ataimirira."

"Nanga iyi?"

"1923. Timu inatsala pang'ono kutha. Anthu a m'tauni muno anakana. Anasonkhana. Anaigula kuti isathe. Mpaka lero ilibe bwana mmodzi. Ndi ya tonse. Agogo ali ndi pepala la umwini pakhoma."

"Ndiye kuti iweyo ndiwe bwana wanga?"

"Pang'ono," anatero Lottie.

"Pepani bwana," anatero Lucius. Anaimba belu. Ngiri ngiri!

Anawoloka msewu. Wapolisi anaimitsa magalimoto. Anthu a m'mbali anaomba m'manja.

"Nanga iyi yaikuluyi?"

"1967. Tsiku la chisanu choopsa. Bwalo linauma gwa ndi kuzizira. Woyimbira mpira anaimba wezulo. Wezulo inamatirira pamlomo! Agogo analipo. Anali mwana. Anavala masokosi anayi."

"Anthu sanathawe?"

"Sanathawe. Tinapambana mpira utatsala pang'ono kutha. Kenako tinatenga chikho."

"Mayo ine," anatero Lucius. "Kwathu ku Mississippi chisanu chotere timangochionera pa TV."

"Mudzazolowera. Mudzavale masokosi anayi."

Lottie anali wefuwefu. Chisoti chinkalemera. Koma sanasiye kuthamanga.

"Apa pali mpata waukulu," anatero Lucius. "Bwanji?"

"Chikho chinasowa. Chaka chinatha. China chinatha. Zinatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Koma bwalo linkadzazabe. Kenako, onani, 1996! Analemba ndi bambo. Penti inachucha chifukwa ankadumphadumpha."

"Ndipo iyi?"

"2010. Chikho china. Analemba ndi amayi. N'chifukwa chake ili yowongoka."

Lucius analoza kumapeto kwa fulemu. Panalibe nambala.

"Nanga apa?"

"Apa ndi panga," anatero Lottie. "Ndikudikira chikho. Mukachitenga, ndidzalemba ine."

Lucius anayang'ananso manambala aja.

"Ndiye unkabisiranji zonsezi?" anafunsa.

"Ndimayesa ndi zonyansa."

"Ayi, bwana. Njinga zina zija zimangonyezimira. Iyi imayankhula."

Anafika ku bwalo laling'ono. Osewera ena onse anali atalowa kale. Pa mpanda panali Agogo Norb. Panali bambo. Panali amayi. Panalinso Gus, kukamwa kuli yasa.

Ngiri ngiri! Ngiri ngiri!

Agogo anavula chipewa chawo. Anayang'ana njinga. Anayang'ana Lucius. Anayang'ananso njinga.

"Yakwezadi munthu," anatero.

Lucius anatsika. Anawapatsa moni ndi manja awiri.

"Agogo, ndi inu a masokosi anayi?"

"Anali asanu," anatero agogo. "Mwanayu amachepetsa."

Onse anaseka. Lucius anatenga chisoti chake. Anabwezera Lottie mpango.

"Uwu usunge," anatero. "Udzandibwereke chisanu chikadzafika."

Anavala chisoti. Anathamangira m'bwalo.

Madzulo bambo anaotcha masoseji kuseri kwa nyumba. Agogo anatulutsa kachitini ka penti yachikasu. Anapatsa Lottie burashi.

"Koma chikho sichinabwere, agogo."

"Ndikudziwa. Njinga iyi yadikira kuyambira ndili mwana. Lero nalo ndi tsiku lolemba."

Lottie anagwada. Anapeza malo pansi pa chishalo. Analemba pang'onopang'ono: LUCIUS. Chilembo chomaliza chinakhota. Penti inachucha pang'ono.

"Wachita kutengera bambo ako," anatero amayi.

Gus anabwera pafupi. Anagwira belu.

"Lottie, chaka chamawa tidzasinthane njinga."

"Ngoloyi?" anafunsa Lottie.

"Ndimangocheza."

"Ukhoza kuimba belu. Kamodzi kokha."

Ngiri ngiri!

Kumapeto kwa fulemu malo aja adakalipo. Lottie anatseka kachitini ka penti. Anakatseka mwamphamvu kuti penti isaume.