Mboni za Lyuben

Nevena ankasenda tsabola wowotcha pakhonde pamene belu la tchalitchi linaliranso. Sanafunse n'komwe kuti wafa ndani. Maliro anali atachuluka m'mudzimo mpaka misozi inauma.

Mwamuna wake Zahari, mmisiri wofolera nyumba ndi miyala, anali m'nyumba akulemba kalata yopempha ntchito pa hotela yatsopano ya Mayi Boyana. Kalata zotere zili ndi dongosolo lake: ufotokoze ntchito, utchule mtengo, kenako utchule anthu amene unawagwirirapo kuti akuchitire umboni. Zahari ankalemba zoona zokhazokha, n'kumagwa chaka ndi chaka. Wopambana ankakhala Lyuben, yemwe madenga ake ankadontha ngati dengu.

Koma wodandaula za denga la Lyuben sankakhalitsa. Ankayamba kumva kugogoda pamwamba, nyumba n'kumanunkha dothi lonyowa, kenako belu. Anthu ankanong'onezana kuti akufawo ndi amene ankaimbira foni eni ntchito, n'kumayamikira Lyuben ndi mawu ozizira, opanda mpweya.

Nevena atalowa anasuzumira pa kompyuta. Zahari anali atalemba kuti madenga ambiri a Lyuben anawakonzanso ndi iye.

"Fufutani dzinalo, bambo."

"Ndiname?"

"Sindinati muname. Mungokhala chete."

"Kukhala chete tadya chiyani? Ndatumiza kale."

Kugogoda kunayamba tsiku lomwelo. Go, go, go, ngati munthu akuyesa mwala ndi nyundo. Zahari anakwera padenga, sanapeze kanthu. Anatsika manja akununkha dothi. Anasiya kudya, anasiya kuyankhula, ankangoyang'ana kudenga. Nevena sanapemphere, sanaitane dokotala. Mumtima mwake munali zii.

Lachisanu m'mawa Zahari anatsirizika, Nevena anamutseka maso, n'kuphimba galasi lodziyang'anira ndi nsalu monga mwa mwambo wa maliro. Asanauze aliyense, galimoto ya Mayi Boyana inaima pageti.

"Pepani, Nevena, ntchito ija ndapatsa Lyuben. Koma amuna anu ndi munthu wabwino. Angondiimbira kumene, akuti anamunamizira mnzawoyo."

"Kumene?"

"Ndili panjira pomwepa. Mawu ngati ali ndi chimfine."

Nevena anayang'ana chitseko cha kuchipinda.

"Anenanso chiyani?"

"Akuti ndisakayike. Akuti iwo ndi anzawo onse agona pansi pa denga la Lyuben, ndipo palibe amene akudandaula."