Diresi la Subilaga

Tumpale anachifufuta chithunzicho, koma foni sinasiye kulira. Inkangonjenjemera pamwamba pa makina osokera, uthenga pamwamba pa uthenga.

"Wachichotsa?" anafunsa azakhali ake, mayi Ndimyake, eni ake a shopu yosokeramo zovala kumsika wa Mwanjelwa.

"Ndachotsa, azakhali."

"Wachotsa mufoni mwako. Nanga m'mafoni a Mbeya yense akachotsamo ndani?"

Pachithunzicho panali diresi lomwe Tumpale anasoka. Limeneli linali diresi lake loyamba la ukwati chiphunzirire kusoka. Mkwatibwi wake anali Subilaga, mnzake wa kuyambira ku pulayimale, yemwe ankagawana naye mandazi pa buleki. Ankakwatiwa ndi mnyamata wina dzina lake Gwamaka. Subilaga anakana matelala onse otchuka a m'tauni, amvekere, "Londisokera Tumpale ndi lomwe ndidzavale, likapindika lipindike."

Tsiku loyeza, tepi itafika m'chiuno, Subilaga anamugwira dzanja n'kumunong'oneza kuti, "Apa usathinitse, mnzanga. Ndili ndi pakati." Tumpale sanafunse zambiri. Anaganiza zoika mapindo ogwa kuchokera pachifuwa mpaka pansi, oti ngakhale apongozi a maso akuthwa asaone kanthu. Ndipotu mwanayu luso anali nalo, zimenezo tisamunamizire.

Chinamupweteketsa n'kufuna kutamidwa. Dzulo lake Subilaga anabwera kudzayesa diresilo, mapindo asanalumikizidwe, ndipo Tumpale anamujambula chakumbuyo kuti mikanda ya pamsana ioneke bwino. Nkhope sinkaoneka, ndiye anati palibe vuto. Chithunzicho anachiponya pa tsamba lake la Instagram n'kulemba kuti, "Akwatibwi a chaka chino, telala wanu ndi uyu!" Koma galasi lalitali la pakona analiiwala. M'galasimo Subilaga ankaoneka cham'mbali, nkhope yonse, dzanja lili pamimba.

Anthu a pa foni ali ndi maso, abale! Wina anakuza chithunzicho n'kuzunguliza galasilo ndi mzere wofiira. Wina analemba kuti, "Telala ndi ameneyu, wavekadi anthu awiri diresi limodzi." Pofika m'mawa chinali chitalowa m'gulu la kwaya, kuchoka apo chinafika kwa akulu a mpingo. Ndipo kumpingo kwawo lamulo ndi lodziwika: mkwatibwi woyembekezera savala velo, ndipo ukwati wake amadalitsira mu ofesi ya abusa, chitseko chotseka.

Chakumasana kunabwera mayi Mwakasege, kasitomala wakalekale wa pashopupo. Moni anapereka wa pakamwa pokha.

"Ndadzatenga chitenje changa chija."

"Sitinachidule, mayi," anatero azakhali. "Lachisanu chikhala chitatha."

"Chomwecho chosadulacho. Ine pamimba panga pali chipsera cha opaleshoni, ndipo mwana wanuyu anachiona pondiyeza. Ndidikire kuti ndikachione pa foni ya mdzukulu wanga?"

Anachikulunga n'kukwera bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu. Dzuwa lisanapendeke, ena awiri anali atadzatenganso nsalu zawo. Azakhali sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamuwawa kwambiri Tumpale. Anangokhala pa makina awo osapondaponda, akuyang'ana mashelefu omwe ankapepuka. Nthochi zophika ndi nyama zomwe anagula kuti adye masana zinazizira m'mbale.

Kenako pakhomo panaima Subilaga. Anali atafunda mpango kumutu ngati wopita kumaliro, maso ali otupa. Tumpale anadzuka, mapini onse omwe anali pamiyendo pake n'kumwazikira pansi.

"Subi, pepa. Ndikulumbira, galasi lija sindinalione. Nkhope ndinaibisa, ndimafuna anthu aone mikanda yokha..."

"Unandifunsa?"

Subilaga sanadikire yankho.

"Kukwaya andiimitsa," anatero Subilaga motsitsa mawu. "Gwamaka akuti ukwati ulipobe, koma kwawo akuti phwando achepetsa. Zonsezo ndikanapirira. Koma bambo anga chithunzicho awaonetsa anzawo pamalo okwerera basi, akuseka. Kuyambira m'mawa sanandiyang'ane."

"Ndilemba pa tsamba langa kuti ndinalakwitsa. Ndipepesa pamaso pa onse."

"Ulembenso? Iwe, sunakhute?"

Azakhali anatsitsa diresi lija pa hang'ala, mapindo ake onse atatha usiku wathawo, loyera ngati thonje. Linali lokongola zedi, ndipo Tumpale ataliona anayamba kulira mokweza ngati kamwana. Subilaga analisisita kamodzi, n'kubweza dzanja.

"Likhale. Mu ofesi ya abusa ndikavala chitenje."

"Mwana wanga, tenga," anamuchonderera azakhali. "Ndi lako ili."

"Ayi, amayi. Linasokedwa kuti libise. Libisanso chiyani?"

Anatembenuka kuti azipita, koma pakhomo anaima, osacheuka.

"Ukudziwa, Tumpale? Amayi anga ondibereka ndinali ndisanawauze. Ndinkadikira kuti ndipeze mawu. Munthu woyamba kumuuza unali iwe."

Anatuluka n'kulowa m'chipiringu cha anthu a mumsika. Tumpale anagwada n'kuyamba kutola mapini aja imodziimodzi, misozi ikumutchinga m'maso.