Foni ya Malemu a Kaseka

Foni ya munthu womwalira siyenera kulira, koma ya a Kaseka inalira Lolemba madzulo, patatha miyezi itatu chiwaikireni m'manda. Inali m'kabati kakang'ono ka makina osokera, momwe akazi awo, omwe aliyense ankangowatchula kuti Atelala, anaisunga pamodzi ndi mabatani ndi choko. Ankaitchaja mlungu uliwonse, osadziwanso chifukwa chake.

Kunja kunali chisisira, nyali asanayatse. Thabwa la makina linkanjenjemera, mabatani akugundana ngati mano a munthu wozizidwa. Atelala anatsegula kabatiko pang'onopang'ono. Inali nambala yachilendo.

Apa mpofunika kunena chomwe chinkawadya mumtima mayiwa. Chaka chatha, pakhomo pa sitolo, anakumana ndi anthu ovala malaya ofanana, opempha thandizo la ana odwala maso. Anapereka kangachepe, n'kulemba papepala nambala yawo ndi ya amuna awo. Kumeneko kunali kuputa mavu. Mafoni anayamba kugwa m'mawa ndi masana, munthu singano ili pakamwa: "Mayi, mukapanda kuwonjezera, mwana wina achita khungu lero." Ukakana mwaulemu, mawa akuimbiranso pa nambala ina. Mapeto ake Atelala analeka kuyankha nambala iliyonse yosaidziwa.

Tsiku lomwe lamba wa makina anaduka, a Kaseka anavala jekete lawo kukafuna wina m'tauni. Masana foni ya Atelala inalira kawiri, nambala yachilendo, iwo n'kungoitembenuza chafufumimba. Madzulo ake anamva kuti amuna awo anagwa pamalo odikirira basi, ndipo kuti asanagwe, mayunitsi atawathera, anabwereka foni ya wogulitsa nyuzipepala kuti aimbe kunyumba. Chiyambire tsikulo makina sanalirenso. Jekete linapachikidwa kuseri kwa chitseko mmene linabwerera kuchipatala, osalikhudza. Funso linali limodzi usana ndi usiku: kodi ankaitana kuti ndikawapulumutse, ine n'kuwatembenuzira foni?

Ndiye Lolembalo anayankha.

"Halo?"

Zii. Kenako, kutali kwambiri, manong'onong'o a anthu ambiri oyankhulira pamodzi, monga zimamvekera m'nyumba ya maliro. Wina anatsokomola. Foni inaduka.

Lachiwiri, nthawi yomweyo, inaliranso. Lachitatu Atelala anaitana mnansi wawo, mayi wa saluni, munthu woti nkhani ikalowa m'khutu mwake imatuluka itabereka ana. Anakhala awiriwiri mumdima, mitu itagundana pafoniyo. Manong'onong'o aja anabweranso, ndipo pakati pake panamveka munthu akuseka chapansipansi.

"Mwamva?" ananong'ona mayi wa saluni, atawagwira mkono. "Kuseka kuja! Si malemu aja amenewa? Achemwali, munthu akapita ndi mawu kukhosi sagona ayi."

Pofika mawa lake msewu wonse unali utadziwa. Ena ankati foniyo ikakwiriridwe pamanda, ena ankati ikaponyedwe m'madzi oyenda. Panali ngakhale wina wolumbira kuti anaona jekete likugwedezeka lokha, chonsecho m'nyumbamo sanalowemo chibadwire.

Lachinayi Atelala anatseka chitseko, nakhala okha pampando wa makina. Mantha anali nawo, koma kutopa kunaposa mantha. Mphepo inkakankha katani, pompi ya kubafa ikudontha. Foni itangolira, anayankha.

"Bambo, ngati ndinu, nenani. Ndinalakwa ine. Nenani zomwe munkafunazo."

Manong'onong'o aja. Kenako kaphokoso kakuti thekete, ndi mawu a mkazi, othamanga ngati akuwerenga papepala.

"Madzulo abwino! Ndikuimba kuchokera ku bungwe lothandiza ana odwala maso. Kodi mukudziwa kuti lero lokha..."

Atelala anaimirira, mpando n'kugwa chagada.

"Ndinu? Masiku onsewa ndinu? Mukuimbira munthu ali m'manda! Chifukwa cha inu sindinayankhe amuna anga tsiku lomwe anamwalira, mukumva?"

Anayankhula zonse, za lamba, za basi, za miyezi itatu yosagona, mpaka mawu anasanduka kulira. Atatha anadabwa kumva kuti kumbali inayo munthu akupumabe.

"Bwanji simukudula?"

"Satilola kudula ife poyamba, mayi," anayankha mkaziyo, tsopano motsitsa mawu, osawerenganso. "Koma ngakhale akanatilola sindikanadula. Pepani kwambiri. Kuno makina ndiwo amaimba, nambala zambiri nthawi imodzi. Tonse tikakhala kuti tili pafoni zina, inu mumangomva phokoso la m'chipinda chathu. Tilimo anthu makumi atatu."

Atelala anadzutsa mpando nakhala. Mizimu yonse ija inali anthu ogwira ntchito, wina ali ndi chifuwa, wina akuseka zake.

"Mayi," anapitiriza mkaziyo, "kuno lamulo ndi lakuti tizilemba zomwe munthu wayankha tikamuimbira. Pa nambala iyi pali zomwe mnzanga analemba miyezi itatu yapitayo, pa 14. Abwana akandimva ndiona zakuda, koma ndikuwerengereni?"

Pa 14. Tsiku lomwelo. Atelala anangoti, "Werenga, mwanawe."

"Analemba kuti: Bambowa akana kuwonjezera, koma ngoseketsa. Akuti tifufute nambala ya akazi awo. Akuti angowaimbira pa foni yobwereka osayankha, ndipo akuti achita bwino, chifukwa nambala zachilendo zimakhala zathu. Akuti nkhani inalibe changu, amangofuna kudzitama kuti lamba amupeza, ali m'thumba lam'kati la jekete."

Atelala anatembenukira kuchitseko komwe kunali jekete lija.

"Analemba nthawi yanji?"

"Folo koloko, mayi."

Atelala ankaidziwa pamtima kalata ya kuchipatala. Inkati a Kaseka anatsirizika nthawi ya 3 koloko. Tsitsi linawaimirira, koma anadzilimbitsa mtima. Mawotchi amanama, olemba makalata amalakwitsa, ndipo amuna awo aja sanasungepo nthawi moyo wawo wonse.

"Nambala zonse ziwiri ndazifufuta ndi dzanja langa," anatero mkaziyo. "Sitidzakuvutitsaninso. Koma mudule ndinu, mayi."

"Zikomo, mwanawe. Ntchito yako ndi yoipa, koma iwe si woipa."

Anadula, nayatsa nyali. Kuseri kwa chitseko jekete linali duu, fumbi lili m'mapewa, fungo la mwini wake likadalimo. Analowetsa dzanja m'thumba lam'kati. Zala zinakhudza kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala: lamba watsopano wachikopa, wa muyezo weniweni wa makina awo. Anaseka misozi ikutsika, chifukwa kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu, a Kaseka anali atagula chinthu osalakwitsa saizi.

Anagwada, nakoloweka lambayo pagudumu, nadonthezera mafuta, n'kuponda.

Kuseri kwa khoma, mayi wa saluni anamva phokosolo. Anathamanga opanda nsapato kukagogoda pawindo.

"Achemwali! Makina akusoka okha?"

"Akusoka ndi ine," anayankha Atelala, osaleka kuponda. "Mawa mubweretse diresi lanu lija."