Nyundo Yolira ku Shedi ya Mpunga

Kwa Mwambo kulibe njanji. Sitima ya ku Nayuchi imadutsa kutali, kuseri kwa mapiri a Chikala, ndipo alipo ambiri m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amene anachita kukalamba osaionapo. N'chifukwa chake usiku wina m'mwezi wa Juni, chaka cha 1999, anthu atamva njanji ikulira kutsidya kwa dambo, anayamba kugwedezana pamphasa.

Inali nyundo pachitsulo chachitali. Inkalira nge-e-e, kenako zii, ngati womenyayo watchera khutu, kenako n'kuliranso. Mphepo ya mwera inkanyamula kulirako pamwamba pa minda ya mpunga yokololedwa kale, n'kukulowetsa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya zitseko. Ngakhale achule ankayamba aleka phokoso lawo.

Latifa anadzuka n'kukhala tsonga. Anzake onse anamva chitsulo, koma iye anamva dzanja la mwamuna wake. Che Bakali anali msodzi mpaka chaka chimene nyanja inaphwa, pamene anapachika maukonde n'kukalembedwa ntchito pa kakampani kena kokonza njanji. Ntchito yake inali kuyenda m'njanji ndi nyundo, kugogoda n'kumvetsera, pakuti chitsulo chabwino chimayimba, chong'aluka chimayankha ngati mphika wosweka. Chizolowezicho ankabwera nacho ndi kumudzi komwe. Ankagogoda khasu, ndowa, felemu ya njinga, n'kupendeketsa mutu kudikira yankho, mpaka Latifa ankamuseka kuti tsiku lina adzagogoda mutu wa apongozi ake.

Koma Che Bakali anali atathawa. Anatero Wilisoni, kapitawo wa pakampanipo, mwana wa dera lomwelo, amene anafika ndi lole sabata yomweyo.

"Abiti Alli, musandide ine, ndangonyamula uthenga," anatero kwa Latifa ataima pakhonde, chipewa chili m'manja. "Amuna anu aoloka malire. Pali kamkazi kena ka ku Mozambiki kamagulitsa mandasi pasiteshoni. Tidzuke m'mawa, munthu palibe, bulangete palibe."

Anamusiyira paketi ya shuga, ngati kuti mwamuna amamulira ndi tiyi.

Lole ija sinabwerere yodzaza. Kutada inatsikira ku shedi yakale ya mpunga, imene inaima yokhayokha m'mphepete mwa bango kumunsi kwa sikimu ya mpunga ya Likangala, ndipo inatsitsa katundu popanda kuitana aganyu. M'mawa mwake Wilisoni anafotokoza m'tiyirumu, miyendo atasanjika. Njanji, iye anati, ikupita m'manja mwa eni atsopano, ndipo eniwo safuna kampani yopanda satifiketi yosonyeza kuti ntchito imayenda mwadongosolo. Oyendera akuchokera ku Joni. Akafika amafuna kuona chida chilichonse pamalo pake, wantchito aliyense ali bwinobwino, ndipo chilichonse chowonongeka chapakidwa penti yofiira n'kupatulidwa. Tsoka lake, atapaka pentiyo anapeza kuti zofiira zachuluka kuposa zabwino. Ndiye anazibweretsa kuno, kumene woyendera wa nsapato zopolisha sangaponde. Anthu anaseka. Ndani sadziwa kusesa pabwalo alendo akamabwera? Zinyalala umakankhira kuseri kwa nkhokwe.

Ulonda wa shediyo anaupereka kwa a Grain, bambo wachikulire wokonda kachasu, amene ankavomera chilichonse bola pali fodya. Ndi iwowo amene anayankha anthu atafunsa za kulira kwa usiku.

"Zitsulo zimenezi zaona nkhondo ya ku Mozambiki," ananong'ona, maso ali uku ndi uku. "Zamwa magazi a anthu. Kukada zimalira zokha. Ine ndimagona patali, sindifuna kuona zimene ndimamva."

Mawuwo anathamanga ngati moto wa m'dambo. Ena anati aona munthu wopanda mutu atanyamula nyali pamwamba pa denga. Ena anati ndi majini. Ogula matemba anayamba kuzungulira ndi njinga zawo njira yaitali, ndipo amayi analeka kudula bango mbali imeneyo. Shehe anawerenga dua, pemphero lothamangitsa zoipa, pamzikiti, koma usiku womwewo nyundo inaliranso.

Latifa anapirira masiku angapo, kenako anapita kwa mchimwene wake Nasiru, mwini mbumba.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, kutchula mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo, "dzanja lija ndi la bambo a Hussein."

"Dzanja lanji?"

"Logogoda usiku. Amamenya, n'kuima, n'kumvetsera. Palibe wina amatero."

Nasiru anamuyang'ana nthawi yaitali. "Alamu ali ku Mozambiki akudya mandasi. Ngati ndi iwodi, ndiye kuti afera komweko, ndipo chobweracho si munthu. Chikufuna kukutenga. Ukufuna ana awa aleredwe ndi ine?"

Zoona zake n'zakuti si mantha okha amene anam'manga miyendo Latifa. Mumtima mwake munali mkwiyo, ndipo mkwiyo wa munthu wochititsidwa manyazi ndi wokoma kuusunga. Pachitsime amayi ankatsitsa mawu iye akafika. Wina anachita kumufunsa ngati akudziwa kukazinga mandasi. Choncho usiku nyundo ikayamba, iye ankakulunga mutu m'chitenje, n'kukumbatira mwana wake wamng'ono, n'kunena chamumtima kuti agogode, akagogode kwa wa mandasiyo. Anatero usiku umenewo, ndi wotsatira, ndi winanso.

Kenako kulirako kunayamba kufooka. Nyundo inkagwa ngati yalemera, ndipo kachetechete wa pakati ankatalika. Latifa anadzipeza atachotsa chitenje kumutu, akudikira mumdima, mpweya ataugwira, kuti igwenso. Inkati ikachedwa, kunkamveka udzudzu wokha. Ikalira, ankapuma, n'kudzida yekha chifukwa chopumacho. Usiku wina inalira kamodzi kokha, mofatsa, tambala atatsala pang'ono kulira. Usiku wotsatira kunali zii mpaka kucha, ndipo m'mudzi anati dua yagwira.

Koma kutadanso inabwerera, yamphamvu kuposa kale. Nge nge nge nge, mothamanga, ngati belu la kusukulu. Anthu anatchingira zitseko ndi mitondo. Latifa anamvetsera. Womenyayo sankaima. Sankadikira kuti chitsulo chimuyankhe. Limeneli silinali dzanja la Che Bakali, ndipo ngati ili silinali lake, ndiye kuti lija linali lakedi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anayatsa nyali, anafunditsa ana, n'kutuluka osadzutsa munthu.

Mdima wa m'dambo ndi wolemera. Nyali inkaunika mapazi ake okha ndi ziputu za mpunga zimene zinkamubaya, ndipo kupitirira apo kunalibe kanthu, kumwamba ndi pansi zitalumikizana. Matope ozizira ankalowa pakati pa zala. Penapake mbalame inabuka m'bango, mapiko phaphapha, iye n'kutsala pang'ono kuponya nyali. Kulira kuja kunkakula. Ndiye mphepo inatembenuka, n'kumubweretsera fungo. Mkazi wa msodzi amadziwa fungo la nsomba yoola, ndipo ili silinali la nsomba.

Pakhomo pa shedi panakhala a Grain, nsanza atamanga pamphuno, chidutswa cha njanji chili pakati pa miyendo. Ankachimenya ndi nyundo maso atatsinzina. Kuwala kutawagwera anatsegula maso, nyundo n'kugwa m'manja.

"Mayi, bwererani," ananong'ona.

"Nyundo imeneyo ndi ya ndani?"

"Bwererani, ndakupemphani. Mukaona, simudzaiwala."

"Kiyi."

Sanakane. Anamasula kiyi pachingwe cha m'khosi, ndipo Latifa anachita kutsegula yekha loko.

Mkatimo munali mofiira mokhamokha. Majeke, mapiki, mawilo a ngolo, zidutswa za njanji, zonse zitaunjikidwa mpaka kudenga, chilichonse ndi chizindikiro chake cha penti. Makoswe anamwazika. Pakona, pa masaka akale a mpunga, panagona Che Bakali, bulangete lake lija lili pachifuwa, nkhope itatembenukira kukhoma loyang'ana kumudzi. Mwendo wake wamanja, kuyambira pabondo mpaka kuphazi, unali wotupa ngati mtondo, ndipo unali wopakidwa penti yomweyo, yokhuthala, youma, yong'ambika mwina ndi mwina.

Latifa sanalire. Anakhala pansi pomwepo, nyali ili pamiyendo. A Grain anaima pakhomo n'kumalankhula ndi msana wake.

"Jeke inathyoka, njanji n'kuwagwera pamwendo. A Wilisoni anati tikapita nawo kuchipatala ku Zomba, kumeneko alemba, a leba amva, oyendera amva, satifiketi palibe, anthu onse ntchito yatha. Anati kwanu simungasunge chinsinsi, muwanyamula panjinga tsiku lomwelo. Eni akewo anavomera, mayi. Anauzidwa kuti ndi masiku ochepa chabe, alendo akapita adzawatengera kwa dokotala wolipira. Koma alendowo anasintha tsiku."

"Penti," anatero Latifa.

"Bala litayamba kununkha ndinatumiza mawu. A Wilisoni anabwera ndi chitini. Anati penti imeneyi imaletsa dzimbiri kudya chitsulo, ndiye mnofu ungaikanike bwanji? Anapaka okha ndi bulashi. Kukuwa kwake ndinathawira m'bango."

Mphepo inagwedeza malata padenga. Mkuluyo anapitiriza.

"Masana ndinkawalanda nyundo. Usiku ndinkawabwezera, chifukwa ankati makoswe akuwadya mwendo. Atatsikira kuli chete dzana, a Wilisoni anati ndipitirize kumenya ineyo, anthu asayandikire, mpaka alendo atadutsa. Adutsa mawa."

"Ankanena chiyani?"

"Ndani?"

"Bambo a Hussein. Ankanena chiyani?"

Bwenzi a Grain atabisa zimenezi mpaka kalekale. Koma anali munthu wovomera chilichonse.

"Sankandipempha kuti nditsegule. Ankati, 'Musavutike, a Grain, mungachotsedwe ntchito. Mawu anga sangaoloke dambo, koma chitsulo chimaoloka. Abiti Alli amalidziwa dzanja langa. Akungodikira ana agone.' Usiku uliwonse ankatero. Ankandiuza kuti ndisakhome kwambiri loko, mungavutike kutsegula."

Apo ndi pamene Latifa analira, ndipo amene anamva kumudzi anakokera mabulangete kumutu, poganiza kuti majini ayamba kulankhula.

Apolisi anabwera masana ake, anayang'ana, anatseka mphuno, anatenga a Grain ndi thupilo. Wilisoni sanapezeke, ankati ali kumsasa wa kampani, akuonetsa alendo malo osesedwa bwino. Pambuyo pake kunamveka kuti satifiketi inatuluka, ndipo oyenderawo anayamikira kwambiri kuti chaka chonse palibe wantchito anavulala.

Maliro a Msilamu sagonera, ndipo awa anali atachedwa kale. Thupi litabwezedwa madzulo, amuna analowa nalo kuseri kwa mpanda kukalisambitsa. Anakhalitsako. Madzi anatha, anatunga ena. Kenako Nasiru anatuluka, atapinda manja a malaya, n'kugwada pafupi ndi mchemwali wake pakati pa amayi. Sanamuyang'ane kumaso.

"Achemwali," ananong'ona, "sopo wakanika. Shehe akuti munthu sangapite kwa Mulungu ali chonchija. Muli ndi palafini?"

Latifa analowa m'nyumba, anatenga nyali yake, n'kukhuthulira palafini yense m'kapu. Usiku umenewo anakhala mumdima, mutu wosakulunga m'chitenje, khutu lili kudambo, ndipo sikunamveke kanthu mpaka kunacha.