Kamng'alu ka Kumutu kwa Bedi

Ku Coyhaique mphepo siileka masana, ndiye Ximena, woyeza mpweya wolowera m'ming'alu ya nyumba, ankadikira mdima. Tsiku limenelo anafika kwa a Baltazar mphepo itangogona.

Nkhani inali ya mwana wawo, Rayén. Anali m'chipatala ndi chifuwa chobanika, ndipo adokotala ananenetsa kuti asabwerere m'nyumba yolowa utsi wa nkhuni wa m'tauni. Utsi womwewo ndi umene unatenga amake chaka chatha. A Baltazar anali atamata paliponse.

Ximena anamangirira chinsalu chofiira pakhomo, n'kuyatsa fani yokoka mpweya wa m'nyumba. Nambala ya pamakina oyezera mpweya inakwera. Inatsika. Inakweranso.

"Bambo, mwaiwala zenera kapena?"

"Ayi, mayi. Ndatseka onse."

Anayatsa kandodo kofuka utsi, n'kumayenda nako m'mbali mwa makoma. Kukhitchini utsi unangoti njo. Kuchipinda, kumutu kwa bedi, unapindika. Pakati pa matabwa panali kamng'alu kosalowa ngakhale chala. Utsi unathawa khoma, kenaka unabwerera. Kuthawa, kubwerera. Ximena anazimitsa fani, koma sizinasiye. Mpweyawo unali wofunda, kunja kuli chisanu, ndipo unkalira kuti fwii ngati chifuwa chotopa.

Ximena anatembenukira kwa a Baltazar.

"Amake Rayén ankagona mbali imeneyo," anatero a Baltazar, maso ali pansi. "Pamenepo ndinasiya dala. Simungangolemba kuti zili bwino?"

"Ndilembe, mwana abwere adzapume utsi?"

Makina sadziwa maliro. Ximena anawamvera chisoni, koma sanasinthe maganizo. Patapita nthawi bamboyo anatenga chomatira, n'kugwada pakhomapo.

"Amake Rayén, pepani. N'chifukwa cha mwana."

Anamata kamng'aluko. Ximena anayatsanso fani. Nambala inatsika, n'kukhazikika. Nyumba inakhoza mayeso.

Akulongedza zida, anamva kunja kwa khoma: khwa, khwa, ngati dzanja likupapasa matabwa. Linayambira kuchipinda, linazungulira nyumba yonse pang'onopang'ono, kufuna polowera. Palibe amene anatuluka.

Rayén anabwera Loweruka, ndipo satsokomolanso. Koma oyandikana nawo amanong'ona kuti mphepo ikagona, mwana akangogona, a Baltazar amatulutsa mpando n'kukhala pachisanu, atatsamira khoma lija, mpaka kucha.